Aphunzitsi amene anaphunzitsa za nyanja zaka 34 asanaione: lipoti la wodwala khansa ya kummero

Lipoti ili ndi la wodwala mmodzi amene ndinawasamalira mu 2024 pa kiliniki yathu ya palliative care, chisamaliro chochepetsa ululu ndi mavuto a odwala matenda osachizika, pa chipatala china kumwera kuno. Dzina sinditchula, mudzi sinditchula, ndingoti aphunzitsi poti ndi mmene aliyense ankawaitanira olo ife mu wodi. Mayi a kunyumba kwawo anandilola kulemba, anati "lembani anesi, bambo anuwo zolembalemba ndiye anali kudya kwawo."

Mmene anabwerera

Bambo a zaka 63, mphunzitsi wa ku pulayimale, anagwira choko zaka 34 nkupuma atakwanitsa zaka 60. Ana asanu, woyamba ali ku Joni, awiri ku Blantyre, wina anakwatiwa kumudzi konko, chitsiriza anali Fomu 3. Fodya sanasutepo, mowa anasiya ali mnyamata, magazi tinayeza HIV alibe. Anafika kwa ife kumapeto kwa Epulo atavutika ndi kumeza kwa miyezi 6. Zinayamba ndi nyama, akuti inkangoima pachifuwa apa, kenako nsima, mayi nkuyamba kuwaphikira yofewa, kenako phala, pofika kwa ife nde olo phalalo linkabwerera ndipo ankayenda ndi kachitini kolavuliramo malovu atakakulunga mu mpango kuti anthu asaone. Sikelo inawerenga 44 kg pomwe m'buku lawo la kuchipatala munali 61 kg ya chaka chapitacho.

Bukulo mukalitsegula mumva chisoni. Maulendo anayi ku chipatala chaching'ono cha kwawo, ulendo uliwonse kulembedwa zilonda za m'mimba, kupatsidwa mankhwala a asidi basi nkubwerera. Sindikuloza chala munthu, nanenso ndinagwirako kumene umakhala wekhawekha mzere utafika ku msewu, koma abale, munthu wamkulu akati chakudya chikuima pakhosi ndipo akuwonda, tiziganiza khansa ya kummero kaye mpaka titatsimikiza kuti si iyo. Dziko lathu lili m'gulu la maiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, si nthenda yachilendo ayi. Pakati pa maulendo amenewo anapitakonso kwa asing'anga kawiri, mbuzi imodzi inathera komweko.

Ku chipatala chachikulu anawalowetsa kapaipi ka kamera kaja, endoscopy, nkupeza chotupa pakati pa mmero chitatseka njira pafupifupi yonse. Anadulako kanyama kukayeza, zotsatira zinati squamous cell carcinoma, mtundu wa khansa womwe timauona kwambiri kuno. Sikani inaonetsa kuti yafika kale kuchiwindi. Za opaleshoni panalibenso. Anawalembera tsiku loika stent, kapaipi kotsegula njira ya chakudya kummero, nkuwatumiza kwa ife.

Zimene tinayamba nazo

Ululu timayeza ndi dzanja, chibakera ndiye kuti palibe, zala zisanu ndiye kuti wosapiririka. Iwo anaimika zinayi, pachifuwa kulasa mpaka kumsana, usiku osagona. Tinayamba morphine wamadzi, mankhwala amphamvu a ululu, 2.5 mg pa maola anayi alionse, pogona kuwirikiza kawiri kuti asamadzuke pakati pa usiku, patatha masiku atatu tinakweza kufika 5 mg ndipo zala zinatsika kufika chimodzi. Morphine amamanga m'mimba ndiye tinawaphunzitsa mayi kusinja nthangala za papaya zouma, poti mapilitsi kumeza kunali kovuta. Mkamwa munali zoyerayera za fangasi, tinapereka mankhwala ake a nystatin. Chakudya chinali Likuni Phala wosefa wamadzimadzi, chiponde chosungunula mu mkaka, thobwa, pang'onopang'ono koma pafupipafupi, atakhala tsonga. Izi ndi za tsiku ndi tsiku, mnzanga aliyense wa ntchitoyi akanachita zomwezi, sipamene pali nkhani.

Nkhani ili apa. Tsiku loyamba lomwelo mwana wawo wachiwiri, wa ku Blantyre, anandikokera pakhonde nkuti "anesi chonde adadi musawauze, akangomva kuti ndi khansa afa mawa lomwe, ife tawauza kuti ndi chilonda cha pakhosi." Mayi anali pambali akungoyang'ana pansi. Ndipo ine ndinavomera. Ndikulemba poyera kuti ndinavomera, osati poti ndinkakhulupirira kuti ndi zoyenera koma poti linali Lachisanu masana, odwala ena akudikira, ndiye ndinati mumtima tidzakamba ulendo wamawa. Ulendo wamawawo unakwana masabata atatu. Ntchito yathuyi kuno si yakale, kiliniki ya Tiyanjane ya ku Queens inayamba mu 2003, Ndi Moyo ya ku Salima mu 2007, ndipo mpaka lero anthu ambiri akamva kuti awatumiza kwa ife amangoti nkodikirira imfa, nde nthawi zina nafenso timaopa kutsimikiza mantha awowo, timangosekerera nkumapereka mankhwala.

M'masabata atatuwo aphunzitsi mawu awo anali amodzi, ndikachira. Ndikachira tifolere zipinda ziwiri zatsalazo. Ndikachira ndikaone mbale wanga. Stent anaika mu Meyi, ndi kapaipi kachitsulo kolukidwa ngati ukonde kamene kamakankhira chotupa m'mbali kuti chakudya chizidutsa, ndipo kanagwira bwino zedi, tsiku lachitatu anamwa phala kapu yonse, sabata isanathe anadya nsima yofewa ndi therere. Kunyumba kunali chimwemwe, ku tchalitchi anakapereka chothokoza kuti achira. Atabwera ku kiliniki anali atameta ndevu, akuseka, akuti ndalama yotsala ya penshoni aisunge ndithu mpaka mitengo ya malata itsike, za maulendo zidzaoneka chaka chamawa. Pamenepo mtima wanga unagunda. Stent sichiza, chotupa chimapitiriza kukula, chimene imapereka ndi kanthawi, masabata kapena miyezi yochepa yoti munthu adye ndi kuyenda. Ndiye kanthawi kameneko bambowa ankati akathere kudikira mitengo ya malata, chifukwa cha bodza limene ine ndinali nawo m'kati.

Kuwauza

Ndinaitana kaye mayi ndi mwana uja. Ndinawauza kuti sindikakamiza bambo kumva zimene sakufuna, ndiwafunsa okha ngati akufuna kudziwa, koma akandifunsa sindinama. Mwanayo anakwiya, anati ngati chinachake chichitike mlandu ndi wanga. Mayi ndi amene anamasula, anati "iwe, abambo akowa usiku sagona, amangondiyang'ana, ine ndatopa nako kuseka kwabodza."

Tinakhala m'kachipinda kathu, chitseko chotseka, foni ndinazimitsa. Ndinafunsa kuti aphunzitsi, matenda anuwa inu mukuwaona bwanji. Anandiyang'ana nthawi yaitali nkuti "mwana wanga, ine ndachonga mayeso zaka 34, nkhope ya mwana amene wabisa pepala ndimaidziwa. Nonsenu mwabisa pepala. Tandiuzani, ndakhoza kapena ndalephera?" Ndinawauza kuti ndi khansa, yafalikira, mankhwala oichotsa palibe, koma ululu tiuthetsa ndipo sitiwasiya okha. Anakhala chete, ine ndinangokhala nawo osadzaza mpatawo ndi mawu, chinthu chimene chimandivuta mpaka lero. Kenako anafunsa kuti "mvula ndiiona?" Ndinati tsiku sindilidziwa, palibe amene akulidziwa, koma tiziwerenga masabata kapena miyezi yochepa osati zaka, ndipo masiku amene ali ndi mphamvu ndi anowa.

Sanalire, ndipo sanafe mawa lake ngati mmene mwana ankaopera. Anakwiya. Osati ndi khansayo koma ndi ife. Anawerenga ndi zala kuyambira tsiku limene zotsatira zinatuluka nkuti "ndiye kuti mwandidyera masabata atatu, munthu wotsala ndi ochepa." Ndinapepesa, panalibe choyankha china.

Kope

Ulendo wotsatira anabwera ndi kope lakale la ana a sukulu, chikuto chothothoka. Pa tsamba lomaliza panali mutu wolembedwa bwinobwino ndi kudula mzere kunsi, Zochita ndikadzapuma pa ntchito. Akuti analemba ali ndi zaka za m'ma 40. Munali zinthu 9 ndipo pa zaka zitatu zimene anakhala atapuma panalibe olo chimodzi chochongedwa. Cicely Saunders, mayi wa ku England amene anatsegula St Christopher's Hospice ku London mu 1967, ankaphunzitsa kuti ululu wa munthu amene akufa sukhala wa thupi lokha, umakhalanso wa maganizo, wa pabanja ndi wa mzimu, zonse pamodzi. Timaloweza zimenezi pa maphunziro, koma ine ndinaziona bwino pa tsamba limenelo, morphine anali atagwira kale ntchito yake koma munthu osagonabe.

Ndisanapitirize ndinene ichi, chifukwa pa miting'i yathu mnzanga wina anati bambowa anangozengereza okha. Ine ndikukana. Malipiro a mphunzitsi wa pulayimale mukuwadziwa. Chaka chilichonse panali fizi, feteleza, maliro a kuchimuna ndi a kuchikazi, ana a malemu mlongo wawo awiri amene anawalera. Atapuma ndalama yawo inatenga nthawi kutuluka, kuyendera ku maofesi mpaka nsapato kutha, itatuluka anagula njerwa ndi simenti, yotsala akusunga ya malata, mu Novembala 2023 kwacha nkugwa ndi 44 peresenti, malata aja nkuthawa. Kunena kuti mawa ndi kumene kunaphunzitsa ana asanu aja. Vuto nlakuti mawayo anazolowereka mpaka analowa ndi mu zinthu zosafuna ndalama. Suti imene mwana wa ku Joni anatumiza inali mu sutikesi zaka zinayi ndi pepala lake, akuti ikudikira tsiku lalikulu. Mbale za dongo zamaluwa zimene mayi analandira pa chinkhoswe zinali mu kabati zaka zoposa 30 kudikira alendo olemekezeka, eni nyumba akudyera za pulasitiki. Ukwati wawo sunadalitsidwe ku tchalitchi poti ankadikira kuti adzachite phwando lenileni nyumba ikatha. Ndi mng'ono wawo sanalankhulane zaka 7 chifukwa cha malire a munda.

Ndipo nambala wani pa tsambalo panalembedwa kuti, kukaona nyanja. Ndinadabwa, ndinati aphunzitsi, inu simunafikeko ku nyanja? Anaseka koyamba kuyambira tsiku lija. Akuti ajambula Nyanja ya Malawi pa bolodi kosawerengeka, atha kuijambula atatsinzina, mamailo 365 m'litali 52 m'lifupi, Livingstone anafikako mu 1859, Shire amatulukira kumwera kwake, ana amene anawaphunzitsa ena ndi asodzi ena amagwira mu mahotela konko, koma iwo phazi lawo silinapondemo. Ulendo wa maola ochepa pa galimoto. Anatseka kope nkuti "paja akulu anati fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Wangayu yense ndinamusiya pachala."

Ulendo wa ku nyanja

Apa panali mkangano wa pabanja. Mwana wa ku Blantyre ankafuna ndalama yotsalayo ipite kwa mneneri wina amene akuti amachiza khansa, wina ankati tisonkhe apite kunja. Aphunzitsi anangoti matumba 12 a simenti amene ali pakhonde agulitsidwe asanaume, apeze galimoto ya hayala. Mayi anaima nawo. Ine pa nkhani ya ndalama zawo sindinalowererepo, mbali yanga inali kuonetsetsa kuti thupi lilole. Anzanga ena anati nkuika wodwala pa chiswe, bwanji akakafera m'njira. Ndinawafunsa eni ake zimenezo, anati kufera m'njira ya ku nyanja ndi kufera pa mphasa akuyang'ana denga losafolera asankha koyambako.

Nthawi imeneyo anali pa 10 mg pa maola anayi. Tinawapatsa morphine wokwana masiku 7 ngakhale ulendo unali wa masiku atatu, ndi wina wapadera womwa ululu ukabuka pakati, mwana wamkazi ndinamuphunzitsa kuyeza ndi sirinji mpaka anakhoza katatu ndikuona, ndinalemba kalata yofotokoza matenda ndi mankhwala ngati angafunike kulowa chipatala china kapena kufunsidwa pa rodibuloko, ndi nambala yanga ya foni. Malangizo a stent ndinabwereza, kudya atakhala tsonga, kutafuna mpaka zisalale, kumwera madzi, osagona chagada akangotha kudya, buledi ndi nyama ya minyewa ayi, ndipo nsomba achotse minga yonse poti kamunga kamodzi katha kutseka paipi.

Ananyamuka mu Juni pa Sienta, iwo, mayi, mwana wamkazi ndi kamdzukulu, kudzera ku Zomba, Liwonde mpaka Mangochi. Ine sindinapite nawo, zimene ndikulemba apa anandifotokozera mwana wamkazi ndi iwo eni atabwerako. Akuti atangoona madzi kumanja kamdzukulu kanakuwa kuti nyanja agogo nyanja, iwo nkuti "khala pansi iwe, ameneyo ndi Malombe," uphunzitsi sutha ndithu kkk. Chaka chimenecho nyanja inali itadzadza kwambiri mpaka madzi kulowa m'malo ena ogona alendo a m'mbali, ndiye anagona pa resiti hausi yotchipa chakumtunda. M'mawa anavala suti ija, inali kukhwepa paliponse poti anaitumiza ali ndi thupi, mayi anachita kuimanga ndi lamba wobowola bowo lina ndi msomali. Anafika pa mchenga atawagwira mbali zonse, anavula nsapato, anapinda thalauzi mpaka m'maondo nkulowa m'madzi. Kunali mwera, kukuzizira, mafunde akumenya, mayi akukuwa kuti tulukani mudwala, iwo nkuwayankha kuti "mayi, ndidwalanso chiyani?"

Madzulo ake ndinalandira voisi noti pa WhatsApp, kumbuyo kukumveka mafunde. Anati "anesi, zaka zonsezi ndinkawanamiza ana. Ndinkawapatsa manambala okhaokha, sindinawauzepo kuti nyanjayi imalankhula usiku wonse." Anadya chambo, kachidutswa kochepa kofinyafinya mu msuzi, mwana atasankha minga ndi zala kwa theka la ola. Ululu unabuka kamodzi pobwerera chifukwa cha mabampu, anamwa wapadera uja nkugona.

Zotsatira

Atabwerako zina zinayenda mwachangu. Wilo analemba ndi dzanja lawo nkusaina pamaso pa mboni ziwiri monga lamulo la 2011 la chuma cha masiye limanenera, ndinawauzanso mayi kuti pa lamulo lomwelo kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu. Abusa anabwera pakhomo kudzadalitsa ukwati, opanda phwando, anthu osakwana 20, mpunga ndi nkhuku ziwiri, ndipo mbale za mu kabati zinatuluka tsiku limenelo osabwereramonso. Mng'ono wawo anabwera atatumiziridwa uthenga kawiri, anakhala pakhonde masana onse akukamba za mpira ndi za makolo awo, za munda sanazikhudze ndipo mmene ndikulemba pano malirewo akadali pa mkangano. Mwana wa ku Joni bambo ake anamuimbira okha kuti bwera pano ndikadali kulankhula, iye anati mapepala ake sali bwino, akatuluka kubwerera kuvuta, abwera pa Disembala. Sindimuweruza, ndalama ya mankhwala ndi ya fizi ya chitsiriza inkachokera kwa iyeyo. Anabwera pa maliro.

Kumayambiriro kwa Ogasiti kumeza kunayambanso kuvuta, maso anachita chikasu, ntchilo zosatha. Dexamethasone, mankhwala ochepetsa kutupa, anathandiza kwa sabata imodzi yokha. Panali masiku anayi amene morphine anatithera pa chipatala, tinachita kukapempha kwina ndipo usiku umodzi anagona ndi zala zinayi, chinthu chimene chimandiwawabe. Atasiya kumeza tinasinthira ku morphine wamadzi wamphamvu kwambiri kuti akhale madontho ochepa oika m'tsaya. Abale ena anafika nkumati bwanji osawatengera ku chipatala akaikidwe dilipi, ndinafotokoza kuti pa siteji imeneyi dilipi siwonjezera masiku, imangochulukitsa makhololo ndi kutupa, ndipo eni ake ananena kale akadali ndi mawu kuti akufuna kunyumba. Mayi ankawanyowetsa milomo ndi kansalu. Anamwalira kumapeto kwa Ogasiti m'bandakucha, mayi ndi ana atatu ali pomwepo, patatha masabata 13 chiwauzireni zoona. Mvula sanaione.

Pokambirana ndi anzanga ndinavomera zolakwa ziwiri. Choyamba, tsiku lija pakhonde ndinayenera kukhala pansi ndi banja nthawi yomweyo nkumva chimene akuopa, osati kungogwedeza mutu kuti ndithane nazo. Mabanja akamati musawauze sachita nkhanza, ndi chikondi ndi mantha, ndipo kwathu kuno kutchula imfa munthu ali moyo ena amati nkulodza, koma wodwala mwini wake nkofunika kumufunsa ngati akufuna kudziwa, ena amakanadi ndipo timalemekeza, awa ankafuna. Chachiwiri, ndinafunsa za ululu, za chimbudzi, za kudya, ulendo uliwonse, koma funso loti aphunzitsi ndi chiyani chimene mukufuna kuchita ndi mphamvu zimene muli nazozi sindinafunse mpaka iwo atabweretsa kope okha. Pa fomu yathu palibe kabokosi ka funso limenelo. Panopa ndimalilemba ndi bolopeni kunsi kwa fomu, ndipo kwa odwala a stent ndimalifunsa asanaiike.

Patatha mwezi ndinapita kukapepesa maliro ndi kukatenga mankhwala otsala. Zipinda ziwiri zija zikadali zosafolera, mu chimodzi mwamera bonongwe. Mayi anandipatsa tiyi mu kapu ya dongo yamaluwa yobenthuka kukamwa, anati kamdzukulu kanaigwetsa. Pamwamba pa kabati pali botolo la Sobo lodzadza madzi a ku nyanja, mchenga utakhazikika pansi. Anandionetsa kope, pa zinthu 9 zija zinayi zinali zochongedwa ndi bolopeni yofiira, pa nyanja anachonga kawiri, pa mng'ono wawo anaika theka la maliki. Suti anawaveka pa ulendo womaliza, mayi akuti m'thumba munali mukadali mchenga ndipo sanaukutumule. Anatulutsa botolo la morphine mu kabati momwe munkakhala mbale, ndinayeza, munatsala 40 ml, tinasainirana ndipo ndinakwera njinga yamoto dzuwa lisanalowe poti mawa lake kunali kiliniki.